Ndani Anayeza Nkhuni Zanga

3 Seputembala

Kwa mwana wanga, amene kumeneko akuti a Dokotala,

Mwandiika pachikuto cha buku lanu ngati wakuba. Moni ndipereka kumapeto, pepala likatsala.

Dzulo kunabwera munthu wa khonsolo, wa chipewa chofiira, buku lili m'khwapa. Anandipeza ndikusanja zidina. Sanafunse dzina langa. Anayang'ana chikuto, kenako ine, n'kuti, "Ndi inu ndithu madala, ngakhale msana ukugwirizana." Ndinamulanda bukulo. Uvuni ndi wanga, wilibala yowotcherera mwendo ija ndi yanga, munthu wawerama pakhomo la moto uja ndine, ndipo pamwamba pakukwera chinthu choyera ngati mtambo. A Telala, amene akundilembera kalatayi pa thebulo lawo lodulira nsalu, andimasulira mawu a pansi pa chithunzicho. Akuti utsi wa ife owotcha njerwa ukutenthetsa dziko. M'kati muli mayina anayi a olemba, loyamba ndi lanu.

Pochoka, wachipewayo anamata pepala pa mtengo wa magetsi. Kuyambira pa 1 Novembala, wopezeka atayatsa uvuni wa nkhuni adzalandidwa njerwa zake zonse.

Ine m'kalasi sindinapondemo, koma lero ndikuphunzitsani. Choyera chili pachithunzicho si utsi. Ndi nthunzi. Masiku awiri oyamba moto umakhala waung'ono, ndipo njerwa zimatulutsa madzi amene anatsalira m'dothi. Ukauthamangitsa moto nthawi imeneyo zimaphulika. Izi munkazidziwa muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, muja munkandiwerengera njerwa ndi kamtengo mpaka anthu kukupatsani dzina loti Kalaliki. Sukulu yakuwonjezerani zambiri, koma izi yakuchotserani.

Ndaumba zidina 32,000. Uvuni uno ndi womaliza, mawondo akana. Ndimafuna kutseka ntchito ya zaka makumi anayi ngati munthu, osati ngati chithunzi chochenjezera ana.

Foni musavutike kuimba, ndaiponya m'chitini cha misomali. Mawu a pafoni amauluka. Inu mwandilemba papepala, ndiye tiyankhana papepala.

Ndikufuna kudziwa amene anakupatsani msana wanga.

Pepala latsala. Moni. Ndili bwino.

Bambo wanu.
Chala chili m'munsichi ndi changa. Inki a Telala akuumira, ndadinda ndi dothi.


24 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mawondo akukupatsaniko mpata. Ine ndili bwino. Kalata yanu inagona milungu iwiri ku ofesi ya mabasi poti ndinali paulendo wa ntchito. Ndaiwerenga katatu.

Chithunzicho ndinajambula ndine, chaka chatha nditabwera kudzakuonani. Ndinachisunga chifukwa munali inu. Osindikiza atapempha chithunzi cha uvuni ndinawapatsa zisanu, osafunsa kuti asankha chiti. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo ndikupepesa. Za nthunzi mukunena zoona. Ndinachita manyazi powerenga.

Koma za m'kati mwa lipotilo sindingapepese. Ntchito yathu ndi kufufuza njira zoti mayiko osauka amange nyumba, sukulu ndi zipatala popanda kumaliza mitengo ndiponso popanda kuwonjezera mpweya umene ukusokoneza nyengo. Mukuona nokha mmene mvula ikubwerera masiku ano, chaka china kusowa, chaka china kukokolola milatho. Tinawerenga mauvuni, ndipo chiwerengero chathu chikuti njerwa chikwi chimodzi zimadya nkhuni zolemera kuposa ng'ombe ziwiri. Phiri lija ndinkatolako bowa ndili mwana, lero ndi miyala yokhayokha.

Ife sitinalembe kuti muletsedwe mu Novembala. Tinalemba kuti kusinthaku kutenge zaka zisanu, ndipo owotcha njerwa ayambe aphunzitsidwa njira zina. Zimenezo zili pa tsamba 41. A khonsolo anawerenga tsamba loyamba lokha.

Ndakugulirani makina opanga njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, zosafuna moto. Munthu amangokoka chitsulo, njerwa n'kutuluka. Afika pa lole sabata yamawa. Mukhoza kumayang'anira muli pampando.

Bambo, polemba lipotilo ndinkamva chifuwa cha amayi. Zaka zonse zija akutsokomola pakhomo la uvuni, mpaka kutisiya. Sindifuna kumvanso chifuwa chimenecho kwa inu.

Chonde itulutseni foniyo m'misomali.

Mwana wanu,
Kalaliki


7 Okutobala

A Dokotala,

Moni. Ndili bwino. Makina anu afika. Ali pomwe lole inawatsitsa, m'bokosi mwake, atakutidwa ndi lona wake. Nkhuku zayamba kuikira mazira pansi pake, ndiye si kuti alibe ntchito.

Ndikufunseni. Simenti imamera m'munda? Woyendetsa lole yemweyo wandiuza kuti kumene amaipanga kuli uvuni wotalika kuposa msewu wathu uno, ndipo suzima chaka chonse. Ndiye moto ukakhala wa anthu ovala zipewa zolimba, uli kutali kosaoneka, umasanduka wabwino?

Tsopano za ng'ombe zanu ziwiri. Ndani anayeza nkhuni zanga? Ndakhala pano zaka makumi anayi, sindinaonepo munthu atabwera ndi sikelo. Anzanga, inde, uvuni ngati wanga amaudyetsa malole atatu a mitengo. Ine ndimayatsa ndi ngolo ziwiri za nthambi. A Telala, lembani bwinobwino pamenepo, ngolo ziwiri.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndinayamba kutola utuchi kwa akalipentala ndi mankhusu ku chigayo, zinthu zimene eni ake amangotentha kuseri kwa nyumba. Ndowa imodzi ya utuchi ndimaiponda pamodzi ndi ndowa zisanu za dothi. Njerwa yotere moto ukaigwira imadziwotcha yokha kuchokera m'kati. Posanja ndimaziimika chammbali, pakati n'kusiya mpata wa zala ziwiri, ndipo mzere uliwonse ndimathira mankhusu. Makomo a moto ndimasiya atatu, pamene anzanga amasiya asanu ndi awiri. Nkhuni ntchito yake ndi kudzutsa moto basi. Zaka ziwiri zoyamba ndinkatulutsa njerwa zofumbutuka ngati buledi, anthu akundiseka. Tsopano pitani mukagogode khoma la sitolo ya zitsulo ija, mumve kulira kwake.

Chaka chatha munabwera, munaima pafupi ndi mulu wa utuchi wotalika kuposa inu. Munafunsa za mawondo anga, za mankhwala anga, za denga. Za muluwo simunafunse. Inenso sindiuza munthu zimene sanafunse.

Wachipewa anadutsanso. Ndinamuonetsa zonsezi. Anakanda m'mutu n'kuti, "Madala, ine ndimatsata pepala. A kafukufuku akabwera kudzayeza, atanyamula kalata, uvuni umodzi ndingaulole ngakhale tsiku litadutsa." Ndikungokuuzani zimene ananena. Sindikupempha kanthu. Zidina zauma, ndimaliza kusanja pa 20, ndiyatsa tsiku lawo lisanakwane. Lamulo sindiphwanya.

Za amayi anu, musawalowetse m'buku lanu. Anagona, asiyeni.

Bambo wanu.

Mwana wanga, apa ndikulemba ndine Telala, mkuluyu wapita kukathamangitsa mbuzi pa zidina. Akuti sakupempha, koma mawu a wachipewawo anandiuza kuti ndiwalembe ndi zilembo zikuluzikulu, ine ndinakana. Tsamba 41 ndawawerengera kanayi. Kasanjidwe kameneka palibe wina akudziwa. Aganyu amabwera n'kupita, ndipo akuti n'kochedwetsa. Ndinawauza kuti, "Achimwene, mukafa muzikawotcha nazo kumanda nzeruzi?" Anandiyankha kuti ndisamale za mabatani.


19 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo moni kwa a Telala. Kalata yanu ndinaiwerengera pakhomo la ofesi, osakhala pansi.

Mwafunsa amene anayeza nkhuni zanu. Palibe. Ndinabwerera m'mapepala athu kukafufuza kumene ng'ombe ziwirizo zinachokera. Anthu ena anayeza mauvuni atatu, kudera lina, zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Ife tinawerenga mauvuni onse pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero chawocho. Umu ndi mmene ambiri amachitira pa ntchito yathu, chifukwa kuyeza kumafuna nthawi. Uvuni wanu unali kadontho kamodzi pa timadontho zikwi zinayi. Ndinkadziwa kuti kadontho kameneko ndinu, koma sindinafunse.

Ngati ngolo ziwiri ndi zoona, ndiye kuti chimene takhala tikuchifuna zaka ziwiri chinali kuseri kwa nyumba imene ndinabadwiramo. Njira yosafuna makina ochokera kunja, yosachotsa munthu ntchito. Ndondomeko yonse ikhoza kulembedwanso. Koma popanda kuyeza, palibe amene angandimvere.

Ndiye ndikupempha chinthu chovuta. Musayatse. Uvuni ukapsa tisanayeze nkhuni, utuchi ndi utsi, umboni wapsa nawo, ndipo mwanena nokha kuti wina simudzaumbanso. Dikirani. Ndikudziwa kuti tsiku la khonsolo lidutsa ndiponso kuti mvula ili pafupi.

Ine sindingayeze ndekha. Anzanga adzati mwana wakometsera bambo wake. Ndapempha mnzanga wa mu ofesi, katswiri wa zoyezayeza, kuti abwere ndi zida komanso kalata yokaonetsa ku khonsolo sabata yoyamba ya Novembala. Ine ndikunyamuka pa 27 kupita ku msonkhano wa mayiko wokambirana za nyengo, ndibwera pa 11 Novembala.

Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yopemphera. Komabe ndapempha.

Mwana wanu,
Kalaliki


5 Novembala

Mwana wanga,

Moni. Ndadikira.

Pa 25 uvuni unali utamatidwa kale, nthambi zili pamakomo, machesi ali m'thumba. A Telala anabwera ndi kalata yanu. Atamaliza kuwerenga ndinawafunsa kuti abwerezenso pamene mwalemba kuti "palibe". Anabwereza. Machesi ndinakawabweza pa shelefu.

Ndikuuzeni zimene pepala la khonsolo lachita kuno, mukalembe pa tsamba 42. Aliyense amene anali ndi dothi anaumba mothamanga kuti awotche tsiku lisanakwane. Sabata yomaliza ya Okutobala mauvuni khumi ndi anayi anayaka nthawi imodzi. Nkhuni zinasowa, ndiye anthu anagwetsa mitengo ya mango ya m'mbali mwa msewu, ina ili ndi zipatso. Mtengo waukulu wa pa siteji ya basi, umene munkakhala pansi pake podikira galimoto ya kusukulu, unapita Lachinayi. Mitengo yaiwisi siyaka bwino, ndiye utsi unali wakuda, wogwira pakhosi. Umenewo ndiye unali utsi. Wojambula panalibe.

Anzanga ankadutsa n'kumandifunsa, "Akulu, mukudikira kuti uyake wokha?" Wina anati mwana wanga wandigula ndi makina.

Lamulungu masana mvula inagwa. Sinali yoopsa, ya ola limodzi, koma inabwera ndi mphepo ya kummawa. Ndinakasolola lona wa pa makina anu, ine ndi a Telala n'kukwera pamwamba, nkhalamba ziwiri, wina akutukwana mnzake. Lonayo anakwana theka. Mbali ya kummawa inanyowa n'kutsetsereka ngati phala. Dzulo ndawerenga zimene zabwerera ku dothi. Zikwi zisanu ndi chimodzi, ndi mazana awiri. Miyezi iwiri ya msana wanga.

Mnzanu wa zoyezayeza sanafike. Basi iliyonse ikaima a Telala amasuzumira pazenera.

Sindikudandaula, ndinasankha ndekha. Ndikungokudziwitsani kuti mitambo yayambanso kusonkhana.

Bambo wanu.


7 Novembala

Okondedwa Bambo,

Uthengawu ndautumiza pa foni ya a Telala kuti akukopereni papepala, poti inu mumakhulupirira pepala lokha. Chinyamukireni sindinalandire kalata yanu iliyonse. Ndikhulupirira zonse zili bwino ndipo mvula sinayambe.

Ndili ndi nkhani yabwino. Dzulo ndinayankhula pamaso pa anthu oposa mazana atatu. Ndinasiya zimene ndinakonza, n'kufotokoza za utuchi, za mpata wa zala ziwiri, za makomo atatu. Ndinanena kuti njira imeneyi imachepetsa nkhuni ndi magawo asanu ndi anayi pa khumi. Ndinawauzanso kuti munthu wa pachikuto uja ndi bambo anga, ndipo sanapiteko kusukulu. Bambo, anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Mabungwe awiri akufuna kuti njirayi ilowe m'ndondomeko za mayiko ena, ndipo akufunsa kuti tiitchule dzina lanji.

Chovuta chimodzi chokha. Mnzanga uja sanaloledwe kunyamula zida mpaka akuluakulu a ofesi asayine, ndipo onse ali kuno. Akuti mwina kumayambiriro kwa Disembala. Pirirani pang'ono, tafika kale patali.

Mwana wanu wonyadira,
Kalaliki


8 Novembala

Iwe Kalaliki,

Moni. Kalata iyi ndalola kuti a Telala aijambule ndi foni yawo, ikupeze lero lomwe. Ina ikukudikira ku ofesi ya mabasi. Mwachidule imati mvula inagwa Lamulungu, zidina 6,200 zasungunuka, ndipo ine ndinadikira monga unapempha.

A Telala anawerenga za m'manja mwa anthu mazana atatu akumwetulira, akuganiza kuti ndisangalala. Ndinawafunsa funso limodzi, ndipo ndikufunsa iwenso. Magawo asanu ndi anayi pa khumiwo anayeza ndani? Unawatenga pakamwa panga, pa kalata ya nkhalamba yokwiya. Poyamba unandinyoza osayeza. Tsopano wanditamanda osayeza. Kwa ine ziwirizi n'chimodzi. Bwanji ngati ndinanama? Bwanji ngati ngolo zanga n'zazikulu kuposa za anthu ena? Mawa munthu wa khonsolo wa dziko lina adzanyamula buku lako latsopano m'khwapa, n'kukavutitsa nkhalamba ina ndi zala zanga ziwiri.

Tsopano ndinena zimene sindinafune kunena. A Telala, musasiye kulemba, ndikukuonani.

Utuchi sindinauyambe chifukwa cha phiri kapena mvula. Ndinauyamba chifukwa cha mayi ako. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndinkawotcha ngati wina aliyense, mitengo yaiwisi, makomo asanu ndi awiri, ndipo wosonkhezera moto anali iyeyo chifukwa aganyu ndinkawaona ngati odula. Phiri lija theka lake ndinadya ndine, ndipo lina linasanduka mayunifolomu ako. Atayamba kutsokomola magazi ndinayamba kufuna moto wopanda utsi wambiri. Ndinaupeza chaka chachitatu. Iye anali atapita chaka chachiwiri. Unalemba kuti unkamva chifuwa chake polemba buku lako. Ine ndimachimva nthawi iliyonse ndikaponda dothi. Ndinakukalipira chifukwa unanena zoona.

Ndiye pali chimene ineyo sindikudziwa. Nkhuni ndachepetsa, zimenezo maso anga aona. Koma ngati utsi wa utuchi uli wabwino pachifuwa cha munthu, kapena kumwamba kumene ukunenako, sindidziwa. Mwina ndakhala zaka khumi ndi chimodzi ndikudzinamiza. Ndikufuna kumva yankho ndili moyo, likhale lokoma kapena lowawa. N'chifukwa chake ndinabweza machesi pa shelefu. Sikunali kukumvera iwe.

Disembala uvuni uno sungamuone. Mbali yogumuka ndaimatanso, zatsala 25,800, ndipo pansi payamba kukoka chinyezi. Mvula ina imodzi, udzayeza matope.

Ukuti mwana sangayeze bambo wake. Pojambula msana wanga sunaope kuti ndine bambo wako. Wachipewa ndakambirana naye, wavomera kugwira sikelo ndi manja ake, ndipo iyeyo sandikonda, ndiye palibe adzati wakometsera. Sikelo yopachika tibwereka ku chigayo. A Telala alemba mtolo uliwonse. Chotsala ndi munthu wa kafukufuku wonyamula kalata, ndi kachida kako koyezera utsi. Akuluakulu osayinawo ukuti uli nawo komweko, ukudya nawo. Asayine pa thebulo lodyerapo.

Ndiyatsa Lachitatu pa 13, dzuwa likangotuluka. Ukakhalapo, ndi kafukufuku. Ukapanda kukhalapo, ndi mlandu, wachipewa atenga njerwa, ndipo zala ziwirizi ndipita nazo ndekha kumanda. Moto umatenga masiku asanu. Udzakhala pakhomo la uvuni masiku onsewo, pamalo pamene ankakhala mayi ako, ndipo udzalemba zimene sikelo yanena, ngakhale zitachititsa manyazi iwe pamaso pa anthu mazana atatu aja, kapena ine pamaso pa a Telala. Udzalembenso za phiri ndi za mitengo ya mango. Dzina la njirayo usavutike nalo tisanadziwe ngati ili njira.

Ndege yako ikutera Lolemba. Usapite kunyumba kwako kukasintha zovala. Nsapato za mayi ako zogwirira ntchito zilipo, ndazipukuta.

Kalaliki, bwera udzawerenge.

Bambo wako.